Kukhazikika ndi kupendeketsa ski potsetsereka m'phiri

Kutsetsereka pa ski m'phiri ndi masewera amene munthu amatsika mtsetse wokutidwa ndi chipale chofewa ataponda pa timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, ndodo zili m'manja. Masewerawa anakhwimira m'mapiri a Alps ku Ulaya, ndipo analowa m'mipikisano ya Olympics ya nyengo yozizira m'chaka cha 1936 ku Garmisch-Partenkirchen, m'dziko la Germany. Ski ilibe injini, chiwongolero ngakhale mabuleki. Chomutsitsa munthu ndi mphamvu yokoka ya dziko, ndipo zoti awongolere nazo ulendo wake n'ziwiri: pamene waika kulemera kwa thupi lake, ndi mmene wapendeketsera ski kuti zitsulo zakuthwa za m'mbali mwake zilume chipale. Kukhota, kuchepetsa liwiro ndi kuima zimachokera pa ziwirizi. Wozilephera amatopa msanga, amagwa kawirikawiri pamalo oundana, ndipo bondo lake limakhala pachiswe.

Kapangidwe ka ski

Ski yamakono yoyenda m'njira zosalazidwa imakhala yotambalala kumutu ndi kumchira, koma yowonda pakati, pamene pamaponda phazi. Pakatipo pamakhala mamilimita 65 mpaka 80, pomwe kumutu kumapitirira mamilimita 110. Choncho mbali ya ski si yowongoka. Ndi yokhota pang'ono ngati chidutswa cha mzere waukulu wozungulira. Kukula kwa mzerewo kumalembedwa pa ski ndi nambala ya mamita yotchedwa radius. Mbuzi yomangidwa pachikhomo ikamazungulira, utali wa chingwe chake ndiwo radius ya bwalo limene ikujambula, ndipo chingwe chachifupi chimapereka bwalo laling'ono. Ski za mpikisano wa slalom, momwe zipata zimakhala zothithikana, zimakhala ndi radius ya mamita 12 kapena 13. Zambiri za anthu wamba zimakhala pakati pa mamita 13 ndi 18.

Ski yotere ikagonekedwa pansi popanda woiponda, pakati pake pamatukuka pang'ono. Munthu akaiponda, imakhudza pansi yonse. Akaipendeketsa, mutu ndi mchira ndizo zimayamba kuluma chipale chifukwa n'zotambalala, pakati powonda n'kutsala m'malere. Kulemera kwa munthu kumakanikiza pakatipo mpaka napo pafike pansi, ndipo ski yonse imapindika ngati uta. Uta umenewo ndiwo njira imene ski imatsata. Ndiye kuti wodziwa safunika kupotoza ski ndi mphamvu: amaipendeketsa, n'kuiponda, yokha n'kumakhota.

Nsapato za ski ndi za pulasitiki yolimba, zofika pakati pa msongolo, ndipo zimamangidwa ku ski kuzala ndi kuchidendene. Sizipindika cham'mbali, motero mwendo ukangopendekera, ski nayo imapendekera nthawi yomweyo. Kakolo amangopindika pang'ono chakutsogolo.

Mmene lusoli linakulira

Kwa zaka mazanamazana anthu a kumpoto kwa Ulaya ndi Asia ankagwiritsa ntchito ski poyenda ndi posaka nyama. Kukhota mwaluso pamtsetse kunatchuka ndi Sondre Norheim wa m'mudzi wa Morgedal, m'chigawo cha Telemark ku Norway, amene mu 1868 anapambana mpikisano mu mzinda wa Christiania, womwe lero ndi Oslo. Iye ankamanga chidendene molimba ndi mizu yolukidwa, ndipo ski za kwawo zinali zowonda pakati. Mawu akuti slalom nawo anachokera m'chilankhulo cha ku Telemark komweko.

Mapiri a Alps ndi otsetsereka kwambiri kuposa a ku Telemark, choncho panafunika njira ina. Mathias Zdarsky wa ku Lilienfeld, m'dziko la Austria, ankaphunzitsa kukhota pamitsetse yoopsa ndi ndodo imodzi yaitali, ndipo mu 1905 anakonza mpikisano wodutsa m'zipata paphiri la Muckenkogel. Pambuyo pake Hannes Schneider wa ku St. Anton am Arlberg anasanja maphunziro m'masitepe. Wophunzira ankayamba ndi kuyandikizitsa mitu ya ski, michira atatang'adza, zomwe amati pulawo chifukwa ski zimakankha chipale monga pulawo ikankhira dothi. Kenako ankaphunzira kukhota ndi pulawo, pomaliza kubweza ski kuti ziyende mofanana. Schneider ankaumirira kuti ophunzira apinde mawondo ndi kuweramira kutsogolo. Masukulu ambiri a ski akadatsatabe dongosolo lofanana ndi limeneli.

Nthawi yonseyi ski zinali za mtengo wokhawokha, ndipo m'mbali mwake munkaperepeseka msanga. Pamalo oundana sizinkaluma konse. Rudolf Lettner wa ku Salzburg, atapulumuka lokumbakumba pamtsetse woundana, anayamba kukhomera tizidutswa ta chitsulo m'mbali mwa ski ndi tizisikuluwu, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anatenga chiphaso cha umwini wa nzeruyi. Zitsulo zitafala, kukhota ski zili mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza kunatheka ngakhale pa chipale cholimba. Anton Seelos wa ku Austria anatchuka nako m'zaka za m'ma 1930, ndipo Émile Allais wa ku France, amene anaphunzira kwa iye, anatenga mamendulo atatu agolide pa mpikisano wa dziko lonse ku Chamonix mu 1937. Nsapato za pulasitiki, zimene Bob Lange wa ku America anazitchukitsa m'zaka za m'ma 1960, zinalowa m'malo mwa zachikopa.

Kusintha komaliza kunabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene makampani monga Elan ya ku Slovenia ndi Kneissl ya ku Austria anatulutsa ski zazifupi, zowonda kwambiri pakati. Ski zakale za amuna zinkafika mamita awiri kapena kupitirira, mbali zake zili pafupifupi zowongoka, ndipo kuzipinda ngati uta kunkafuna liwiro ndi mphamvu za katswiri. Ndi ski zatsopanozi munthu wamba anayamba kutha zimene kale zinali za opikisana okha.

Kukhazikika chakutsogolo ndi chakumbuyo

Vuto loyamba la wophunzira aliyense ndi kukhalira kumbuyo. Munthu akaona mtsetse, thupi limafuna kuima chilili monga limaimira pamalo athyathyathya, ndipo mantha amawonjezera kukokera mutu ndi matako kuphiri. Koma ski zaloza kumunsi. Woima chilili pa ski zoloza kumunsi, kulemera kwake kumagwera kumichira. Kuti kulemera kukhale pakati pa phazi, thupi liyenera kupendekera kuchigwa molingana ndi kutsetsereka kwa malowo. Pamtsetse wa madigiri 30 kupendekera kumeneku n'kwakukulu ndithu, ndipo kwa wongoyamba kumamveka ngati kudziponya kuphompho.

Zotsatira za kukhalira kumbuyo zimaoneka msanga. Mitu ya ski imapepuka, siluma chipale, ndiye ski sizikhota pamene mwini wake akufuna. Liwiro limakwera, mantha amakula, munthu amabwereranso m'mbuyo kwambiri. Ntchafu zimayamba kuwotcha chifukwa minofu ikunyamula katundu woyenera kunyamulidwa ndi mafupa. Ambiri amene amadandaula kuti miyendo yawo ilibe mphamvu, vuto lawo lenileni ndi kaimidwe.

Kaimidwe koyenera kamayambira pa kakolo. Akakolo, mawondo ndi chiuno zonse zimapindika pang'ono, mapazi atatalikirana molingana ndi chiuno, msongolo ukukhudza lilime la nsapato kutsogolo. Manja amakhala patsogolo, poti maso angathe kuwaona, ndipo maso amayang'ana kumene munthu akupita, osati pa mitu ya ski. Aphunzitsi amabwereza nkhani ya kakolo kuposa ina iliyonse, ndipo pali chifukwa chake. Wopinda mawondo okha, akakolo ali owongoka, matako ake amapita kumbuyo ngati wokhala pampando. Wopinda chiuno chokha amaoneka ngati waweramira kutsogolo, koma matako amakhala atathawira kumbuyo, ndipo kulemera kumakhalabe pachidendene. Kupinda kakolo ndiko kumabweretsa thupi lonse pamwamba pa mapazi.

Kukhazikika kumeneku si kuuma ngati chipilala. Aliyense amene anaimirirapo kumbuyo kwa lole mumsewu wa mabampu amadziwa kuti wowumitsa miyendo ndiye amayamba kugwa. Wofewetsa mawondo amameza mabampuwo. Pa ski n'chimodzimodzi, ndipo pamwamba pa apo malo oyenera kuponda amasuntha mkati mwa kukhota komwe. Poyamba kukhota, ski zikamaloza kumunsi ndi kuwonjezera liwiro, thupi limatsogola kuti mitu ilume. Pakati kulemera kumakhala paphazi lonse. Pomaliza, ski zikamapingasa phiri, kumasunthira pang'ono chakuchidendene kuti michira igwire. Kusunthaku n'kwa masentimita ochepa chabe pansi pa phazi. Akatswiri ambiri amakuchita pokokera mapazi kumbuyo, pansi pa chiuno, m'malo mokankhira chifuwa kutsogolo, chifukwa mapazi ndi opepuka ndipo amamva msanga.

Ski yakunja

Munthu akamakhotera kumanzere, ski ya mwendo wamanja ndiyo imayenda kunja kwa uta, ndipo akamakhotera kumanja, yakunja ndi ya mwendo wamanzere. Pa chipale cholimba kulemera kwambiri kumayenera kukhala pa ski yakunja. Mwendo wakunja ndiwo umakhala wotambasuka, motero uli ndi mphamvu zokana kukankhidwa, ndipo umaluma ndi chitsulo cha mbali ya chala chachikulu, imene phazi limaigwira bwino. Palinso phindu lina: ski yakunja ikaterereka, yamkati ilipo yoti munthu agwirire. Woponda kwambiri yamkati akaterereka alibe pogwira, amagwa cham'mbali, chiuno n'kumenya phiri.

Apanso thupi limanamiza mwini wake. Pomaliza kukhota, ski yakunja ndi imene ili kumunsi kwa phiri, mbali yomwe wamantha safuna kuyandikira. Amatsamira kuphiri poganiza kuti ndi kotetezeka, ski yakumunsi n'kupepuka n'kuthawa.

Kupendeketsa ski

Ski yogona chafufumimba pa chipale imaterera mbali iliyonse. Ikapendekera, chitsulo chimadula kampanda m'chipale, ndipo kampandako ndi kamene kamakankha munthu kuti asinthe njira. Pali mitundu iwiri ya kukhota. Pa mtundu woyamba, mchira wa ski umadutsa ndendende pamene mutu wadutsa, ndipo m'mbuyo mumatsala mizere iwiri yopyapyala ngati njanji. Uku ndi kukhota kodula, kumene pa Chingelezi amati carving. Pa mtundu wachiwiri, ski imapita kutsogolo kwinaku ikukwekwesa cham'mbali, n'kusiya chipale chopalidwa ngati pamene padutsa tsache. Njira yachidule yodziwira luso la munthu ndi kuyang'ana zimene wasiya m'mbuyo.

Pa kukhota kodula, kukula kwa uta kumadalira madigiri amene ski yapendekera. Pa chipale cholimba, ski ya radius ya mamita 14 ikapendekera madigiri 45 imajambula uta wa radius ya pafupifupi mamita 10, ndipo ikapendekera madigiri 60 radius imatsika kufika pa mamita 7. Wofuna kukhota mothina amawonjezera kupendeketsa.

Kupendeketsa kumeneku kuli ndi malire amene liwiro limaika. Wopalasa njinga akamakhota amapendekera mkati, ndipo akapendekera kwambiri ali pa liwiro lochepa amagwa. Masamu ake ndi omwewo pa ski. Kusiya pambali kutsetsereka kwa phiri, munthu woyenda mamita 10 pa sekondi, omwe ndi makilomita 36 pa ola, pa uta wa radius ya mamita 10, amafunika kukankhidwira mkati ndi mphamvu yofanana pafupifupi ndi kulemera kwake, ndipo kuti asagwe ayenera kupendekera madigiri 45. Pamenepo miyendo imanyamula katundu woposa kulemera kwa thupi ndi magawo 40 pa 100 alionse. Pa madigiri 60 katunduyo amafika kawiri kulemera kwa thupi, ndipo wambiri amakhala pa mwendo umodzi. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofunika pa uta womwewo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake opikisana otsika molunjika, monga pa Lauberhorn ku Wengen komwe Johan Clarey wa ku France anafika makilomita 161.9 pa ola mu 2013, amakhota motambalala kwambiri pa ski zazitali.

Pali njira ziwiri zopendeketsera ski. Yoyamba ndi kupendeketsa thupi lonse ngati mlongoti, kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Yachiwiri ndi kupinda thupi cham'mbali m'chiuno, miyendo n'kupendekera mkati mwa uta pomwe chifuwa ndi mapewa zatsala mowongoka, pamwamba pa ski yakunja. Kusiyana kwake n'kofunika kwambiri pa chipale choundana. Ron LeMaster, amene analemba mabuku The Skier's Edge ndi Ultimate Skiing, anafotokoza kuti ski imagwira pokhapokha ngati yapendekera mofanana kapena kuposa mmene mzere wa mphamvu yochokera pakati pa thupi kupita paphazi wapendekerera. Ikapendekera mochepera, mphamvuyo imaikankhira kunja kwa kampanda kamene yadula. Wopendekera ngati mlongoti amakhala pamalire penipeni, ndipo kabampu kakang'ono kamamuterereketsa. Wopinda m'chiuno amapendeketsa ski kuposa thupi, ndiye chitsulo chimaluma mozama. Mawondo nawo angathe kuwonjezera pang'ono mwa kulowera mkati, koma bondo silinapangidwe kuti linyamule katundu wolemera litapindikira cham'mbali, choncho pa liwiro lalikulu ntchitoyi imasiyidwira chiuno.

Kupendeketsa kumayambira pansi. Wotsetsereka amagubuduza mapazi m'kati mwa nsapato, lakunja ku chala chachikulu, lamkati ku chala chaching'ono, mawondo n'kutsatira, chiuno n'kubwera pambuyo. Woyamba ndi mapewa amafika mochedwa, ndipo kawirikawiri amapotoza thupi lonse, michira ya ski n'kutayika. Mwendo wamkati umafunika kupindika ndi kufupika kuti upereke malo. Ambiri amakanika kupendekera kwambiri chifukwa mwendo wamkati waima ngati mzati wotchinga.

Kuyambira pamene ski zowonda pakati zinafala, anthu ambiri amaona kukhota kodula ngati chizindikiro cha katswiri, kukwekwesa ngati kwa ophunzira. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo pamitsetse yodzaza anthu ndi oopsa. Kukhota kodula sikutaya liwiro; n'chifukwa chake opikisana amakukonda. Pamalo otsetsereka kwambiri, panjira yopanikiza kapena pakati pa ana a sukulu ya ski, chofunika ndi kukwekwesa mwadala, mwa mlingo umene munthu wasankha. Ngakhale opikisana a giant slalom amakwekwesa poyamba kukhota pamene chipata chili pothina, kenako n'kulumitsa chitsulo. Kumasula chitsulo pang'onopang'ono n'kovuta kuposa kuchilumitsa.

Kukula kwa uta kunafika mpaka pokanganitsa akuluakulu a masewerawa. Pofuna kuchepetsa kuvulala, bungwe la FIS linalamula kuti kuyambira nyengo ya 2012 mpaka 2013 ski za amuna za giant slalom zikhale ndi radius yosachepera mamita 35. Ted Ligety wa ku America anatsutsa lamuloli poyera, koma ndi iye yemwe anapindula nalo: pokhala wotha kupendeketsa ski mpaka chiuno kukhudza chipale, anapambana mipikisano 6 mwa 8 ya giant slalom ya World Cup nyengo imeneyo, n'kutenganso mamendulo atatu agolide ku Schladming mu 2013. Mu 2017 malirewo anatsitsidwa kufika pa mamita 30.

Pakati pa kukhota ndi kukhota

Nthawi yovuta kwambiri ndi pamene kukhota kumodzi kwatha, kwina kusanayambe. Ski zimayenera kuchoka pa zitsulo za mbali imodzi, kugona chafufumimba kwa kamphindi, n'kupita pa zitsulo za mbali inayo. Kuti zimenezi zichitike, thupi liyenera kudumpha mzere wa ski kupita kumunsi kwa phiri, ndiye kuti kwa kamphindi wotsetsereka amakhala atapendekera kuchigwa popanda chomugwira, akudalira kuti ski zizungulira n'kudzamulandira. Ena amachita zimenezi potambasula mwendo umene ukhale wakunja. Ena amafewetsa mwendo umene unali wakunja, mphamvu ya kukhota kwatha kuja n'kuwakokera yokha tsidya lina. Njira yachiwiriyi ndi yachangu, ndipo imaoneka kwambiri pa slalom. Kubaya ndodo pansi chakumunsi, patsogolo pang'ono, kumathandiza kusunga nthawi ndi kukokera thupi kumene likuyenera kupita.

Amene amaopa kamphindi kameneka amatsegula mchira wa ski yakumtunda kukhala pulawo, kuti agwire ndi chitsulo chatsopano asanasiye chakale. Ambiri amakhala zaka akuchita zimenezi, ndipo mankhwala ake si kukakamiza mapazi kuti ayandikane, koma kuphunzira kumasula ski yakumunsi.

Zochita pophunzira

Maphunziro a zitsulo amayambira pa kuterera cham'mbali. Wophunzira amaima mopingasa mtsetse, ski zikuluma, kenako amagubuduzira mawondo kuchigwa mpaka ski zitayamba kuterera cham'mbali, n'kuwabwezera kuphiri kuti aime. N'kosasangalatsa kuonera, koma palibe china chimene chimaphunzitsa phazi kusiyanitsa madigiri ochepa monga chimenechi, ndipo ndi njira yotsikira pamalo amene akulira munthu msinkhu. Akazolowera, amasunthira kulemera kutsogolo kuti mitu itsike, kenako kumbuyo kuti michira itsike, n'kumatsika uku ndi uku ngati tsamba lothothoka mumtengo. Apa kukhazikika ndi kupendeketsa zimaphunziridwa pamodzi.

Pofuna kuyesa ngati kulemera kulidi pa ski yakunja, wophunzira amanyamula mchira wa ski yamkati pokhota, mutu wake uli pansi. Wokhalira kumbuyo sangathe. Chimene chimanyamuka ndi mutu. Pamalo osatsetsereka kwambiri, amaloza kumunsi n'kugubuduza akakolo okha, osapotoza mapazi, n'kudikira kuti ski zikhote zokha, kenako amacheuka kuona ngati wasiya mizere iwiri. Kudikirako ndiko kumavuta. Aphunzitsi ena amauza ophunzira kuti amasule zomangira zapamwamba za nsapato pamtsetse wofatsa, kuti asiye kutsamira pulasitiki, aime pa mapazi awo. Ena amawagwiritsa ndodo zonse ziwiri mopingasa patsogolo ngati thireyi ya makapu a tiyi. Ndodo zikapendekera kuphiri, ndiye kuti mapewa atsamira mkati.

Kunja kwa nyengo ya chipale, opikisana amalimbitsa ntchafu, matako ndi minofu ya pamimba, amaima ndi mwendo umodzi pa zinthu zogwedera, ndipo amapalasa njinga.

Chipale chosiyanasiyana

Pa chipale choundana chitsulo chimangolowa mamilimita ochepa. Chofunika ndi kupendeketsa msanga, kuponda mofatsa, ndi kukhala pamwamba pa ski yakunja. Kuponda mwadzidzidzi kumathyola kampanda kopyapyalako. Opikisana a World Cup amathera moyo wawo pa chipale chotere, chifukwa njira zambiri za mpikisano amazithira madzi dala kuti ziundane ndi kukhala zofanana kwa woyamba ndi wotsiriza. Chipale chopangidwa ndi makina nacho chimakhala cholimba kuposa chogwa kumwamba. Malo a Afriski m'mapiri a Maloti ku Lesotho, omwe amatsegulidwa kuyambira Juni mpaka Ogasiti, amadalira kwambiri chipale cha makina.

Pa chipale chakuya chongogwa kumene zinthu zimasintha. Ski zimamira, palibe cholimba choti chitsulo chilume, ndipo chimene chimakhotetsa munthu ndi mimba yonse ya ski yokankha chipale. Kulemera kumagawidwa mofananirako pa miyendo yonse iwiri, chifukwa woponda umodzi wokha amaumiza, winawo n'kuyandama. Anthu ambiri amakhulupirira kuti pa chipale chakuya ayenera kukhalira kumbuyo kuti mitu isamire. Akatero amangotopa, liwiro lokwanira ndi ski yotambalala ndizo zimayandamitsa.

Kunola zitsulo

Luso silingathandize ngati chitsulo chabuntha. Chitsulo cha m'mbali chimanoledwa ndi tupa ndi timiyala, mbali ziwiri. Mbali yapansi imasendedwa ndi theka la digiri mpaka digiri imodzi kuti ski isamakole yokha ikagona chafufumimba. Mbali ya m'mphepete imasendedwa ndi digiri imodzi mpaka atatu. Madigiri ambiri amaluma kwambiri pa ayezi koma amabuntha msanga. Ski ikadutsa pamwala, chitsulo chimatuluka timinga tomwe timakola mosayembekezereka, ndipo timafunika kuchotsedwa ndi mwala tupa asanadutsepo. Nsapato yokula kuposa phazi imawononganso zonse, chifukwa phazi limayamba lasuntha m'kati ski isanamve kanthu.

Kuvulala bondo

Zomangira nsapato zamakono zimamasuka zokha munthu akagwa mopotoka, ndipo zinachepetsa kwambiri kuthyoka kwa fupa la msongolo. Bondo silitetezedwa chimodzimodzi. Kuvulala kofala pakati pa otsetsereka ndi kuduka kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL, umene umagwira fupa la msongolo kuti lisathawire kutsogolo kwa fupa la ntchafu. Ukaduka, ambiri amafunika opaleshoni ndi miyezi yambiri yochira.

Carl Ettlinger, Robert Johnson ndi Jasper Shealy, amene anafufuza ngozi za ski ku Vermont, m'dziko la America, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anaonetsa kuti kuvulala kumeneku kawirikawiri kumayamba ndi kukhalira kumbuyo. Munthu amataya kukhazikika, matako n'kutsika kuposa mawondo, dzanja lakumtunda lili kumbuyo, ski yakumtunda itapepuka, kulemera konse kuli pa mchira wa ski yakumunsi. Chitsulo cha mchirawo chikaluma mwadzidzidzi, ski imakhota yokha pansi pa munthu, ndipo mchira umakhala ngati ndodo yopotoza bondo. Ofufuzawa anatcha mchirawo phazi la mzukwa, poti umachita ngati phazi lina loloza kumbuyo. Chimene chimathandiza ski kukhota pansi pa munthu wokhazikika ndi chomwecho chimene chimadula mtsempha wa munthu amene wakhalira kumbuyo.

Malangizo awo anali akuti munthu akazindikira kuti wayamba kugwa chotere, aponye manja kutsogolo, ayandikizitse mapazi, ndipo asayese kudzuka ski zikadali kuterera. Adikire mpaka ataima. Mu 1995 anafalitsa zotsatira za maphunziro amene anapereka kwa aphunzitsi a ski ndi olondera mitsetse, omwe anaonetsedwa mavidiyo a ngozi zenizeni kuti azizindikira kugwa kotere kusanafike poipa. Pakati pa ophunzitsidwawo, kuvulala kwakukulu kwa bondo kunatsika ndi magawo 62 pa 100 alionse poyerekeza ndi nyengo ziwiri za m'mbuyo.